Kuchoka ku Chadiza kupita ku Ukwimi: mmene abale anasandukira othawa kwawo

Lamlungu lapitalo, pokonzekera tsiku la othawa kwawo la pa 20 Juni, kutchalitchi kwathu kuno ku Chipata analengeza kuti akufuna anthu odzipereka oti madzulo aliwonse azithandiza ana a mabanja ochokera ku Congo ndi ku Burundi pa Chingerezi ndi masamu. Mapemphero atatha, panja panabuka mkangano. Bambo wina anati, "Chiyambireni maphunziro aulere mu 2022, ana athu enieni akukhala pansi m'kalasi chifukwa cha kudzaza. Tiyambe ndi alendo bwanji?" Sananame, makalasi ndi odzazadi. Mayi wina wachikulire anangomufunsa kuti, "Achimwene, kodi mu 1987 munali kuti?" Bamboyo anali asanabadwe. Ndi funso limenelo landipangitsa kulemba, chifukwa chigawo chathu cha Kum'mawa chinakumanapo ndi nkhani imeneyi, ndipo ambiri amene akukangana lero sakudziwa.

Poyamba tinene za malire. Mzere umene umagawa Zambia ndi Mozambique kumwera kwa Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba unadula pakati pa anthu amodzi. Likulu lakale la Kalonga Gawa Undi linali ku Mano, m'dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo mpaka pano mafumu a ku Mozambique amabwera ku Mkaika mu Ogasiti kudzachita Kulamba pamodzi ndi anzawo a ku Zambia ndi Malawi. Munthu ankalima munda tsidya lino, n'kukakwatira tsidya lija. Pa nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique m'zaka za m'ma 1960, anthu anathawirapo kuno ndipo ena anasungidwa ku Nyimba. Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, ambiri anabwerera. Nkhani imeneyo ndiidutsa mwachangu, pakuti yaikulu inabwera pambuyo.

Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu la RENAMO inafika poopsa m'chigawo cha Tete chapakati pa zaka za m'ma 1980. Kumudzi sitinkanena kuti RENAMO. Tinkati Matsanga, dzina lochokera kwa mtsogoleri wawo woyamba, André Matsangaissa. Chimene chimakhudza nkhani yathu ndi chakuti Matsanga ankalimbana kwambiri ndi masukulu ndi zipatala, chifukwa kumidzi zimenezi ndizo zinali nkhope ya boma. Mphunzitsi ankadziwa kuti akabwera, ayambira iye. Pofika kumapeto kwa nkhondo, masukulu a pulayimale oposa theka m'dziko lonse anali atawonongedwa kapena kutsekedwa. Choncho mwana amene ankafika ku Chadiza ali ndi zaka 12 nthawi zambiri anali atasiya sukulu zaka zitatu kapena zinayi m'mbuyomo, ndipo ena anali asanagwirepo pensulo.

Pano ndiyenera kusamala ndi magwero. Lipoti lotchuka la Robert Gersony la mu 1988, lolembedwera boma la America, linati RENAMO iyenera kuti inapha anthu wamba okwana 100,000, ndipo linachokera pa zimene othawa kwawo eniake ananena. Ndimalikhulupirira pa zambiri, chifukwa zimagwirizana ndi zimene ndinamva ndi makutu anga. Koma akuluakulu ena amene anathawa ankadandaulanso za FRELIMO: kukakamizidwa kusiya midzi ya makolo n'kukakhala m'midzi ya boma, kunyozedwa kwa mafumu, ndi asilikali amene ankaganizira aliyense wakumudzi kuti ndi kazitape. Anthu ankathawa moto wa mbali zonse ziwiri. Amene amafotokoza nkhaniyi ngati ya oyera ndi akuda okhaokha sanakhale pansi ndi agogo amene anaiona.

Chaka cha 1986 chinali cholemera. Pa 19 Okutobala Samora Machel, pulezidenti wa Mozambique, anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini ku South Africa, akuchokera ku msonkhano ku Mbala kuno ku Zambia. Mu Disembala ku Copperbelt kunali zipolowe za mtengo wa ufa. Dziko lathu linali pa umphawi, sopo ndi mafuta ophikira zinkasowa m'masitolo, ndipo m'nyengo yomweyo anthu masauzande ankalowa kudzera m'tinjira ta m'tchire, osati pa chipata cha Chanida. Palibe amene ankawatchula othawa kwawo. Anali azakhali, apongozi, mwana wa amalume. Nyakwawa inkawaonetsa malo omangapo kanyumba, wina n'kuwabwereka khasu, wina mbewu.

Amalume anga anali atalephera kupeza malo a Fomu 3, ndipo ankangothandiza kumunda. Iwo ndi amene anayamba kusonkhanitsa ana obwerawo pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, dzuwa likapepa. Bolodi linali chitseko chakale chopakidwa makala osakaniza ndi madzi. Ana ankalemba pansi ndi chala. Chimene amalume sankatopa kutifotokozera ndi ichi: ana ena ankadziwa kuwerengera, koma mu Chipwitikizi. Ukawaonetsa miyala itatu ankati "três". Kusukulu za kuno, kuyambira mu 1966, ana ankaphunzira m'Chingerezi kuchokera giredi 1. Ndiye mwana wa ku Tete akalowa m'kalasi ankaoneka ngati mbuli, chonsecho masamu akuwadziwa. Amalume anatulukira kuti njira ndi kudutsira pa Chichewa. Ankayamba ndi "zitatu", mwana n'kugwedeza mutu, kenako ankamupatsa liwu la Chingerezi. Chilankhulo chimene sukulu za mayiko onse awiri zinkachiona ngati cha kumudzi ndi chimene chinagwira ntchito.

Ankatinso ntchito yaikulu sinali ya zilembo. Panali kamnyamata kena kamene mbale ikagwa kankathamangira kukabisala pansi pa nkhokwe. Kanatha miyezi osalankhula. Amalume sanakakakamize, ankangokapatsa ntchito yofufuta bolodi, tsiku ndi tsiku, mpaka tsiku lina kanafunsa kokha kuti chilembo chinachake chimatchedwa chiyani. Zaka zingapo pambuyo pake, mu 1996, Graça Machel, amene anali nduna ya maphunziro ku Mozambique, anapereka ku United Nations lipoti lonena za mmene nkhondo imawonongera ana, ndipo anatsindika kuti sukulu imabwezeretsa mwana m'moyo wa masiku onse. Amalume sanaliwerengepo lipotilo. Anali ataziona kale kuseri kwa khola.

Tsopano tifike pamene zinthu zinatembenukira. Matsanga anayamba kuwoloka malire. Kuyambira cha mu 1987 ankalowa m'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Petauke, kulanda ng'ombe ndi chakudya, kupha anthu, ndi kugwira ena kuti awanyamulire katundu. Boma la Kenneth Kaunda linatumiza asilikali, ndipo linaganiza zochotsa obwerawo m'midzi ya m'malire. Malamulo anali kumbali ya boma. Lamulo la othawa kwawo la mu 1970 linkapatsa boma mphamvu yowauza kokhala, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la mu 1969 limanena kuti othawa kwawo azisungidwa patali ndithu ndi malire a dziko limene achokera. Malo amene anasankhidwa ndi Ukwimi, kumpoto kwa boma la Petauke, m'dera limene lero lili m'boma la Lusangazi. Zolemba zina zimati anatsegulidwa mu 1986, zina 1987. Ndikuona kuti kusiyanaku kukuchokera pa kuwerengera tsiku lopatula malo kapena tsiku limene malole oyamba anafika. Boma linkagwira ntchito ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, ndipo bungwe la Lutheran World Federation ndi limene linkayendetsa zambiri za tsiku ndi tsiku.

Kunena zoona, Ukwimi sanali msasa wa mahema ngati amene timaona pa TV. Mabanja ankapatsidwa malo olima okwana ngati mahekitala awiri, anakumbiridwa zitsime, kunamangidwa misewu, zipatala zazing'ono ndi masukulu. Anthu oposa 20,000 anakhalako, ndipo patapita zaka zochepa ankakolola chimanga mpaka kugulitsa. Alendo ochokera kunja ankabweretsedwa kudzaona ngati chitsanzo. Mwana amene ankalemba pansi ku Chadiza anapeza kalasi ya njerwa ndi bolodi lenileni. Zimenezi sindingazikane, ndipo amene amati kusamutsako kunali nkhanza chabe akuiwala kuti m'midzi ya m'malire anthu ankaphedwadi.

Komabe anthu ambiri sanafune kupita. Malole akabwera, ena ankabisala m'nyumba za abale awo, ndipo nyakwawa zina zinkangoti, "Awa ndi anthu anga." Zifukwa zawo n'zomveka. Ku Ukwimi kunali kutali ndi manda a makolo, kutali ndi njira yozembera kukaona munda kapena kukafunafuna mwana wotayika. Kunalinso nkhalango, m'dziko la Ansenga, kumene ukafuna kutuluka unkayenera kupempha chilolezo. Ndipo chachikulu, kukwera lole kunkasintha dzina la munthu. Dzulo unali mlamu, lero uli ndi khadi ndi nambala. Mtima wanga umapendekera kwa anthu amenewa, ngakhale ndikudziwa kuti boma linali ndi mantha oyenera.

Gulu la amalume linagawika pakati. Ana ena anakwera malole, ena anatsala n'kulembetsa kusukulu ya pafupi ndi dzina la banja limene linkawasunga. Otsalawo sapezeka m'chiwerengero chilichonse. Apa ndi pamene zolembedwa zimatisiya. Malipoti a mabungwe amawerenga zitsime, matumba a chimanga ndi makalasi, pakuti ndi zimene opereka ndalama ankafunsa. Sawerenga mnyamata wa Fomu 2 amene ankaphunzitsa anzake madzulo, kapena katekisiti amene ankabwereketsa choko, kapena mphunzitsi wa ku Tete amene anabisa ntchito yake poopa Matsanga koma usiku n'kumaphunzitsa ana a m'nyumba yoyandikana. Mbiri ya anthu amenewa ili m'kamwa mwa okalamba, ndipo okalambawo akutha.

Panalinso funso limene linkavutitsa makolo: mwana aphunzire za dziko liti? Ku Malawi, kumene kunathawira anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ana a m'misasa ankaphunzitsidwa maphunziro a ku Mozambique mu Chipwitikizi, poganiza kuti tsiku lina adzabwerera. Mwana wolowa sukulu ya kuno ankakonzekera mayeso a giredi 7 m'Chingerezi. Njira iliyonse inali ndi mtengo wake. Wa Chipwitikizi ankakhala wokonzeka kubwerera koma wotsekeredwa m'dziko lomusunga. Wa Chingerezi ankatha kupitiriza kuno, koma akabwerera kwawo ankakhalanso mlendo m'kalasi. Mayi wina anafunsa amalume kuti, "Aphunzitsi, Chingerezi chimenechi akachigwiritsa ntchito kuti nkhondo ikatha?" Amalume analibe yankho. Anangoti bola mwana adziwe kugwira pensulo.

Nkhondo inathadi. Pa 4 Okutobala 1992 pulezidenti wa Mozambique Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa RENAMO Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere ku Rome, m'chaka chomwecho chimene chilala chinapha chimanga m'chigawo chonse chino cha Africa. Anthu a ku Ukwimi anabwerera ambiri mu 1994, chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri ku Mozambique. Malowo anaperekedwa ku boma kuti nzika za Zambia zikakhaleko n'kumalima, ndipo masukulu amene anamangidwira alendo anayamba kuphunzitsa ana athu. Mfundo imeneyi ndikanakonda bambo wa kutchalitchi uja aimve: makalasi a ku Ukwimi anamangidwa chifukwa cha othawa kwawo, ndipo amene akhala akuwagwiritsa ntchito zaka zonsezi ndi ana a ku Lusangazi.

Zinthu zasintha. Lamulo la mu 1970 linalowedwa m'malo ndi la mu 2017. Othawa kwawo ambiri ali ku Meheba, ku Mayukwayukwa, ndi ku Mantapala m'boma la Nchelenge kumene kunatsegulidwa mu 2018, pamene ena ali m'matauni. Funso la maphunziro a dziko liti linapendekera mbali imodzi, chifukwa masiku ano UNHCR imalimbikitsa kuti ana azilowa m'masukulu a dziko lowasunga. Ndi zabwino, koma zikutanthauza kuti mwana amangoponyedwa m'kalasi yodzaza kale, mphunzitsi mmodzi, ndipo palibe wokhala naye pambali.

Ndipo mwana wa lero ali pa vuto loposa la mwana wa ku Tete. Uja ankafika akulankhula Chichewa, ali ndi azakhali m'mudzi, akudziwa kuti ng'oma ya gule ikalira kumatanthauza chiyani. Wochokera ku Uvira ku Congo kapena ku Bujumbura ku Burundi amafika ndi Chiswahili, Chikirundi kapena Chifalansa, ndipo ayenera kuphunzira Chinyanja cha pabwalo ndi Chingerezi cha pa mayeso nthawi imodzi. Njira imene amalume anadutsira iye alibe, pokhapokha wina atakhala naye pansi ola limodzi madzulo n'kumayamba ndi miyala itatu.

Amalume anamwalira osadziwa kumene ana awo ambiri anathera. Mmodzi yekha ndi amene anabwerako. Anafika pa njinga yamoto chaka china pa nyengo ya Kulamba, munthu wamkulu wa imvi zoyamba, akufunsa nyumba ya "aphunzitsi a pamango". Anati amagwira ntchito yomasulira pa kampani ina ku Tete, pakati pa Chipwitikizi ndi Chingerezi. Anabweretsa nkhuku ndi paketi ya shuga. Amalume anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamufunsa ngati anali uja wofufuta bolodi. Anati ayi, ameneyo anakwera lole ya ku Ukwimi, ndipo chiyambireni sanamuonenso.