Little Women si nkhani ya ana osadziwa mavuto, tamvani makolo

Ndakhala mu laibulale ya sukulu zaka zambiri ndithu, koma chimene chimanditopetsa mpaka pano ndi kholo lobweza buku la Little Women pa kauntala, amvekere "aaa iyi ndi nkhani ya atsikana achizungu osadziwa mavuto, mpatseni lina mwanayu." Osadziwa mavuto? Mwaliwerenga koma?

Tsamba loyamba lenilenilo atsikana anayi apachibale, Meg, Jo, Beth ndi Amy, akukambirana zoti Khirisimasi yafika opanda mphatso, bambo ali kunkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndalama mnyumba mulibe. Bambowo atadwala ku Washington, Jo akumeta tsitsi lake lalitali nkuligulitsa madola 25 kuti amayi ake apeze yoyendera. Usiku akulira yekha pabedi. Mwana amene anaonapo mayi ake akugulitsa chitenje kuti fizi ikwane safuna omumasulira pamenepa.

Ndipotu mlembi wake, Louisa May Alcott, mavuto a banja lake lenileni anachita kuwachepetsako m'bukumu. Anabadwa mu 1832 ku Pennsylvania, bambo ake Amos Bronson Alcott anali mphunzitsi wanzeru zakuya koma ndalama sizimawakhala mmanja, banja limangosamukasamuka. Mu 1843 anatengera mkazi ndi ana ku famu yotchedwa Fruitlands ku Massachusetts, kumene kunalibe kudya nyama, kumwa mkaka ngakhale kuvala thonje poti limalimidwa ndi akapolo, ndiye chisanu chitafika chakudya chinatha, zonse zinagwa pasanathe ndi chaka chomwe. Louisa anali ndi zaka 10 akupita kumeneko. Atakula anasokapo zovala, anaphunzitsapo, anagwirapo ntchito yamnyumba, nkhani zina zoopsa amazigulitsa pa dzina lobisa la A. M. Barnard kuti pakhomo padyedwe. M'bukumu opita kunkhondo ndi bambo, koma zenizeni anapita ndi Louisa mwini wake kumapeto kwa 1862, ngati namwino ku Georgetown, anatengako typhoid, mankhwala amene anampatsa munali poizoni wa mercury ndipo thupi silinabwererenso mwakale. Beth uja ndi mng'ono wake Elizabeth amene anamwalira mu 1858. Bukuli linatuluka mu 1868, gawo lachiwiri 1869, ndipo ndi limene linamaliza ngongole za banjalo.

Tsono chenjezo langa lili apa. Timabuku tofupikitsa tija mumatola pa mulu wa mabuku akale pamsika, tamasamba ochepa tazithunzi zambiri, si Little Women ayi. Tina timathera pa gawo loyamba, imfa ya Beth mulibe, umphawi anaupukuta kwatsala madiresi ndi zibwenzi, nchifukwa chake makolo mumaganiza kuti ndi nkhani yopepera. Onani pachikuto ngati alembapo abridged kapena retold, kutanthauza kuti analifupikitsa kapena kulilembanso, ndipo yathunthu imakhala ndi mitu 47. Chimodzimodzi zidule za pa intaneti zimene ana akukopera masiku ano, mwana amadziwa kuti Beth anafa koma sanakhale naye pambali pa bedi. Ndiye palinso aja a "udzawerenga ukamaliza mayeso." Mayeso satha abale anga, akatha awa kukubwera ena, msinkhu umene bukuli limalowa mumtima, zaka 11 mpaka 14 mmene ndaonera ine, umadutsa osabwerera. Chingerezi chake nchakale inde, nzoona chimavuta, koma mutu umodzi patsiku ndi dikishonale pambali mwana amakwanitsa.

Pali mtsikana wina wa Fomu 2 amene sindimuiwala. Mchemwali wake anali atangomwalira kumene, kunyumba za malirowo sizimakambidwa. Amayi ake anabweza bukuli, akuti likumutayitsa nthawi. Iye anayamba kumabwera pa buleki, kukhala pakona pafupi ndi windo, kuwerenga timasamba tiwiri titatu belu nkulira. Tsiku lina anandifunsa chapansipansi, "Madamu, Beth achira?" Ndinamuuza kuti apitirize kuwerenga, tidzakambirana akafika. Teremu yotsatira sanabwere, fizi inavuta, anapita kumudzi. Ndikanangomubwereka bukulo apite nalo, lamulo kapena ayi, izi zimandipwetekabe. Kapepala kake kosungira tsamba, kong'amba mkope la masamu, kakadali pamutu umene Beth akudwala scarlet fever, sindinakachotse.