Mkangano wa eni ake a nsomba ya coelacanth

Pa 22 Disembala 1938, sitima yophera nsomba yotchedwa Nerine inafika padoko la East London ku South Africa itakokola nsomba pafupi ndi pamene mtsinje wa Chalumna umathira m'nyanja yamchere ya India. Woyendetsa sitimayo, Hendrik Goosen, anali ndi chizolowezi chosungira mayi wina woyang'anira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzindawo, Marjorie Courtenay-Latimer, chilichonse chachilendo chimene chakodwa mu ukonde. Tsiku limenelo pansi pa mulu wa nsomba zina panali nsomba yobiriwira ngati mtambo, yotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, yolemera makilogalamu oposa 50, ya mamba olimba, ndiponso zipsepse zake zinali ndi minofu ndi mafupa patsinde mofanana ndi timiyendo tatifupi.

Akatswiri anali akuudziwa kale mtundu umenewu, wotchedwa coelacanth, koma ankaudziwira m'miyala mokha. Katswiri wa zamoyo Louis Agassiz ndiye anautcha dzina m'chaka cha 1839 atafufuza mafupa osanduka mwala amene anapezeka kumpoto kwa England. Zotsalira zakale kwambiri za nsombazi zili ndi zaka zoposa 400 miliyoni, ndipo zimaleka kuoneka m'miyala ya zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo, nthawi imene madayinoso anatheratu. Chotero aliyense ankakhulupirira kuti nazonso zinatha pamodzi nawo. Chimene chinkazikweza m'maso mwa ofufuza kusintha kwa zamoyo n'chakuti zili m'gulu la nsomba za zipsepse zaminofu, gulu limene munachokera nyama za miyendo inayi zoyamba kuyenda pamtunda.

Courtenay-Latimer sanadziwe dzina la nsombayo, koma anazindikira kuti si yotaya. Kosungirako mitembo kuchipatala anaikana, ndipo kumalo oziziritsira nyama nakonso anaikana. Pamene kunja kunkatentha ndipo nsomba inayamba kununkha, anaipereka kwa mmisiri woumitsa zikopa za nyama, nalembera kalata J.L.B. Smith, n'kujambulamo chithunzi cha nsombayo pamanja. Smith anali mphunzitsi wa kemisitiri pa Rhodes University College ku Grahamstown, mzinda umene lero ukutchedwa Makhanda, ndipo za nsomba anadziphunzitsa yekha. Kalatayo inamupeza pa 3 Januwale 1939 ali patchuthi ku Knysna. Anatumiza telegalamu yopempha kuti mafupa ndi zam'kati zisungidwe, koma zinali zitatayidwa kale. Anaiona nsombayo ndi maso ake pa 16 Febuluwale, ndipo anailengeza m'magazini ya sayansi ya Nature, n'kuitcha Latimeria chalumnae polemekeza mayi uja ndi mtsinje uja.

Kutayika kwa zam'katizo ndiko kunabala zonse zotsatira. Chikopa ndi chigaza zinali zokwanira kutsimikiza mtundu wa nsombayo, koma mafunso amene akatswiri a miyala ankalakalaka kuyankha anali okhudza mtima, ubongo, ziwalo zopumira ndi kaberekedwe, zinthu zimene mwala susunga kawirikawiri. Ena anadzudzula a ku East London kuti anataya chuma, ngakhale kuti popanda khama la Courtenay-Latimer sipakanatsala ngakhale mamba. Smith anaona kuti nsomba yotere si ya m'madzi a East London, koma inangosochera kuchokera kumpoto kotentha, ndipo iye ndi mkazi wake Margaret anafalitsa timapepala ta m'Chingelezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Africa, tolonjeza mapaundi 100 kwa wopeza ina.

Panapita zaka 14. Mu Disembala 1952, msodzi wina wa pachilumba cha Anjouan ku Comoros, zilumba za pakati pa Mozambique ndi Madagascar, Ahamadi Abdallah, anawedza nsomba yotereyi, ndipo uthenga unafika kwa Smith kudzera mwa Eric Hunt, mwini chombo chamalonda amene ankagawa timapepala tija m'zilumbazo. Poopa kuti nayonso iwola, Smith anaimbira lamya nduna yaikulu ya South Africa, D.F. Malan, amene analola kuti ndege ya asilikali ya mtundu wa Dakota inyamuke ku Durban kukatenga nsombayo. Smith anaitcha Malania anjouanae, poganiza kuti ndi mtundu wina chifukwa inalibe chipsepse chimodzi chapamsana, komanso pothokoza amene anamupatsa ndege. Pambuyo pake zinadziwika kuti nsombayo inangovulala kale ndipo inali mtundu womwe uja, kotero dzina la nduna linafufutika m'mabuku a sayansi.

Apa mpamene mkangano weniweni unayambira. Zilumba za Comoros zinali pansi pa ulamuliro wa France, ndipo ku Paris anakwiya kuti mlendo watera ndi ndege ya asilikali m'dera lawo n'kunyamula nsomba yotchuka kuposa zonse, ngakhale kuti akuluakulu a boma m'zilumbazo anamulandira bwino. Boma la France linalamula kuti nsomba zotsatira zikhale m'manja mwa akatswiri ake, ndipo kwa zaka zambiri ofufuza akunja ankangodikira zimene a ku Paris angawagawire. Smith sanapezenso mwayi wofufuza ina yatsopano monga ankafunira. Kunena zoona, chiletsocho sichinangowononga: akatswiri a ku France, Jacques Millot ndi Jean Anthony, anasenda ndi kufotokoza thupi la nsombayi mwatsatanetsatane m'mabuku akuluakulu atatu amene anatuluka pakati pa 1958 ndi 1978, ntchito imene ofufuza amadalirabe. Komabe chinachedwetsa mayankho ena. Funso lakuti nsombayi imaikira mazira kapena imabereka ana linayankhidwa mu 1975, pamene a ku American Museum of Natural History ku New York anatumbula yaikazi imene anaisunga kwa zaka zambiri osaitsegula, n'kupezamo ana asanu.

M'kulimbana konseku, amene ankaidziwa nsombayi kuyambira kale sanafunsidwe maganizo. Asodzi a ku Comoros ankaitcha gombessa, ndipo inkawakodwera mwangozi usiku akamaweza nsomba ina yamafuta ndi chingwe chachitali ali m'mabwato awo. Sankaifuna kwenikweni, chifukwa nyama yake ndi yamafuta ambiri ndipo imatsegula m'mimba. Mphoto itayamba kuperekedwa, nsomba imene inali yopanda ntchito inasanduka ndalama, ndipo zambiri zinathera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za kumayiko akutali.

Chiyembekezo chakuti coelacanth ndiye kholo la nyama zapamtunda nachonso chinayamba kuchepa pamene anthu anaiona yamoyo. Mu 1987, Hans Fricke wa ku Germany anatsika ndi kasitima kapansi pa madzi pafupi ndi chilumba cha Grande Comore n'kuijambula ikusambira. Zipsepse zake zimayenda mosinthana monga miyendo ya nyama yoyenda, koma siyenda nazo pansi pa nyanja monga ena ankaganizira. Masana imabisala m'mapanga a miyala ya chiphalaphala pakuya kwa mamita pafupifupi 200, usiku n'kumayandama pang'onopang'ono kufunafuna chakudya. Mu 2013 majini ake onse (DNA yosunga chibadwa chake) atawerengedwa, zinatsimikizika kuti nsomba za mapapo zotchedwa lungfish ndizo zili pachibale chapafupi kwambiri ndi nyama za miyendo inayi. Ngakhale mawu otchuka akuti nsombayi sinasinthe chiyambire ambiri amawakana tsopano, popeza mitundu ya m'miyala inali yosiyanasiyana m'maonekedwe ndi kukula, ina inkakhala m'madzi opanda mchere, ndipo Latimeria yeniyeniyo sinapezekepo m'miyala.

Mkangano wa umwini unabukanso kutali ndi Africa. Mu 1997, katswiri wa ku America, Mark Erdmann, ndi mkazi wake anaona nsomba yotere pamsika wa Manado pachilumba cha Sulawesi ku Indonesia, ndipo mu Julaye 1998 anapeza ina kwa asodzi a kumeneko, imene anaipereka ku boma la dzikolo. Iye ndi anzake akufufuzabe majini ake, gulu lotsogozedwa ndi Laurent Pouyaud wa ku France pamodzi ndi akatswiri a ku Indonesia linafalitsa dzina lakuti Latimeria menadoensis mu 1999. Malamulo a katchulidwe ka nyama amapereka ulemu kwa woyamba kusindikiza dzina, osati woyamba kuiona, choncho dzinalo linakhazikika ngakhale kuti Erdmann anadandaula poyera.

Kuyambira m'chaka cha 2000, pamene osambira pansi pa madzi anaziona ku Sodwana Bay, zadziwika kuti South Africa ili nazo zakezake. Nsombazi zapezekanso ku Mozambique, Madagascar, Kenya ndi Tanzania. Kafukufuku wa mu 2021 anasonyeza kuti nsombayi imatha kukhala zaka pafupifupi 100 ndipo bere lake limatenga zaka pafupifupi zisanu, kutanthauza kuti yaikazi imodzi ikafa pamatenga nthawi yaitali kuti ilowedwe m'malo. Malonda ake pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pangozi yotha, koma chimene chikuzipha masiku ano ndi maukonde akuya otchera shaki. Ku Tanzania zinayamba kukodwa motero mu 2003, ndipo mu 2009 boma linakhazikitsa malo otetezedwa a m'nyanja pafupi ndi Tanga, kumene funso lakhala lakuti asodzi oletsedwa kutchera maukondewo adzapeza kuti zodyetsera mabanja awo.