Usipa si ndiwo ya akulu okha

Kuno ku Ntcheu ambiri amati khanda lisalawe nsomba mpaka litamera mano, poopa minga. Mantha ake ndi omveka, koma mwana tikumumana chinthu chachikulu. M'mafuta a nsomba muli DHA, mtundu wa mafuta otchedwa omega-3 umene umamanga ubongo ndi maso. Zimandiwawa kuona mwana akumwa phala loyera lokha, usipa uli m'mbale ya bambo ake.

Miyezi 6 yoyambirira, bere lokha basi. Mayi akamadya nsomba, DHA amachuluka mu mkaka wake. Ikakwana miyeziyo, kazingani usipa wouma wa pa Lizulu, muusinje mpaka ukhale ufa, musefe, muthire supuni imodzi m'phala la mgaiwa likuwira. Minga ija imathera mumtondo.