Kuwonjezera RAM ndi CPU seva isanazime, zimatheka bwanji?

Kumapeto kwa mwezi foni yanga siipuma. Mwezi wathawu anandiimbira amayi ena a ku akaunti pa ofesi ina kuno ku Chipata, ati "bambo, sisitimu ya malipiro yalemera maningi, tiizime tiyatsenso?" Ndinati ayi amayi musakhudze. Ndinatsegula laputopu nkukweza RAM ya seva yawo kuchoka pa 8 GB kufika pa 16 GB, anzawo ali kulemba malipiro osadziwa kuti pachitika kanthu.

Si matsenga. Seva yawoyo ndi virtual machine, ife timangoti VM. Pali chikompyuta chimodzi chachikulu, ndiye pulogalamu ngati VMware, Hyper-V kapena KVM imachigawa kukhala timakompyuta tingapo, kalikonse kumaganiza kuti kali kokha. RAM, yomwe ndi memore ya kompyuta, ili ngati tebulo la pa msika wa Kapata pomwe muyala katundu, CPU ndi manja ogulitsa. Tebulo likachepa katundu wina amabwerera m'matumba pansi, ndiye kasitomala aliyense mpaka muwerame kufufuza, ndiko kulemera kuja, makina ayamba kusunga zinthu pa disiki yomwe ndi yochedwa kwambiri.

Koma chinthu ichi chimafuna kukonzekera. Pa VMware hot add, yomwe imalola kuwonjezera RAM ndi CPU makina ali moyaka, muyenera kuitsegula VM ili yozima, mukaiwala tsiku loikhazikitsa basi, tsiku la mavuto muzimabe. Pa Linux nthawi zina CPU yatsopano imafika koma nkukhala chabe mpaka muiuze kuti iyambe ntchito. Ndipo amene mumabwereka seva ku AWS ya Amazon, kusintha saizi ya VM yawo yotchedwa EC2 kumafuna kuiimitsa kaye.

Kupatsa nkosavuta, vuto ndi kulanda. RAM mukapereka pa VMware simungaichotse makina ali moyaka, chifukwa mwini tebulo wayalapo kale tomato. Apa ndi pomwe pamabwera baluni, ine imandiseketsa mpaka lero. Ndi kapulogalamu kokhala mkati mwa VM, chikompyuta chachikulu chikapanikizika chimakauza kuti fufuma, iko nkuyamba kupempha memore ngati kali ndi ntchito, VM nkukapatsa malo omwe sinali kuwafuna kwenikweni, malowo nkupita kwa VM ina. Microsoft nawo anaika Dynamic Memory mu Windows Server 2008 R2 SP1 mu 2011, mumangoika malire ndipo Hyper-V yawo imakweza ndi kutsitsa RAM yokha. Zabwino, koma ma VM onse akafuna RAM nthawi imodzi baluni ilibe kolanda, onse amalemera pamodzi. Pa database, pulogalamu yosunga deta, ine sindikonda kusiya baluni igwire ntchito, chifukwa database imagwira memore dala ndipo siifuna kulandidwa.

Za CPU ndiye timakangana ndi mabwana. Amati ikani ma CPU 16 ithamange, koma VM ya ma CPU ambiri pa makina odzaza imatha kudikira nthawi yaitali kuti ipeze mpata, pa VMware muona nambala ya CPU Ready, yoonetsa kudikira kumeneku, ikukwera. Komanso pulogalamu yakale yogwira ndi dzanja limodzi ngakhale muipatse manja 16 imagwiritsa limodzi lomwelo.

Amayi aja malipiro anatha madzulo omwewo. 8 GB ija ndinaibweza Loweruka m'mawa, ofesi ili yotseka, chifukwa pamenepo mpaka ndizime.