Adaputa ya USB ndi wailesi, musaibise kuseri kwa kompyuta

Makompyuta ambiri a padesiki amabwera opanda Bluetooth komanso opanda Wi-Fi. Palinso malaputopu amene Bluetooth yake inafa, kapena ndi yakale moti sigwirizana ndi mausi ndi mahedifoni amasiku ano. Njira yachidule ndi kachipangizo kolowetsa pa poti ya USB, kamene ena amati adaputa, ena dongle. Mukangokalowetsa, kompyuta imayamba kumvana ndi mausi, kiyibodi, sipika, mahedifoni kapena rauta (kabokosi kogawa intaneti) popanda chingwe. Koma pa ntchito yokonza makompyuta, tizipangizoti ndi timene timanenedwa kwambiri kuti n'tachinyengo, pomwe nthawi zambiri timakhala tabwinobwino. Mwiniwake amakhala kuti anagula mtundu wolakwika, kapena anakalowetsa pamalo pamene sikangamve bwino.

Za mitunduzi tidutsepo kaye, chifukwa kunja kwake tonse timaoneka chimodzimodzi. Kamene mumakapeza m'bokosi limodzi ndi mausi kapena kiyibodi yopanda waya, kawirikawiri katabisika pafupi ndi batire, si ka Bluetooth. Kamamvana ndi chipangizo chimene kanabwera nacho basi. Mukakataya, musavutike kubwereka ka mausi ina, sikagwira. Logitech ili ndi mtundu wotchedwa Unifying, woti kamodzi kamalandira zipangizo za kampaniyo mpaka 6, ndipo mu 2021 inatulutsa wina wotchedwa Bolt, koma awiriwa samvana ngakhale kampani ndi imodzi. Ubwino wa tizipangizo totere ndi woti kompyuta imationa ngati kiyibodi kapena mausi ya waya, ndiye timagwira ntchito ngakhale Windows isanadzuke. Ukafuna kulowa mu BIOS, pulogalamu ya mkati mwa kompyuta imene imayamba Windows isanadzuke, kiyibodi ya Bluetooth nthawi zambiri imangokuyang'ana, pomwe iyi imayankha.

Adaputa ya Bluetooth yeniyeni ndiyo yolandira zipangizo za makampani osiyanasiyana. Ya Wi-Fi ntchito yake ndi kulumikiza kompyuta ku rauta, ndipo singakulumikizireni mahedifoni pokhapokha pabokosi atalemba kuti ili ndi zonse ziwiri. Palinso ina yosokoneza anthu: yolembedwa Bluetooth, koma yotumiza mawu okha. Kompyuta imaiona ngati sipika, ndipo imathandiza pa makina a masewera monga PlayStation amene salandira mahedifoni wamba a Bluetooth. Mukagula yotereyi pofuna kulumikiza mausi, mwataya ndalama.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mkati mwa kapulasitiki kameneko muli wailesi yotumiza ndi kulandira, yokhala ndi eriyo yaing'ono kwambiri yojambulidwa pa kabolodi. Bluetooth, mausi zopanda waya ndiponso Wi-Fi yambiri zonse zimadutsa pa mafunde a 2.4 GHz, omwe aliyense amaloledwa kugwiritsa ntchito popanda laisensi. Pamenepo mpodzaza. Ngakhale uvuni wa maikulowevu umatenthetsa chakudya ndi mafunde a 2.45 GHz, ndipo ukamalira umadontheza phokoso pang'ono. Bluetooth inapangidwa modziwa za kudzazaku: imagawa malowa m'tinjira 79 n'kumadumpha kuchoka pa kena kupita pa kena ka 1,600 pa sekondi imodzi, uku ikulambalala timene yaona kuti n'taphokoso. Nzeru imeneyi imagwira ntchito, koma mphamvu ya wailesiyo ndi yochepa. Zipangizo zambiri ndi za Class 2, zotumiza ndi mamiliwati 2.5, ndipo zimafika mamita pafupifupi 10 pamalo opanda chotchinga. Za Class 1 zimafika mamiliwati 100 ndi mamita ngati 100, koma mtunda umenewo umafuna kuti mbali zonse ziwiri zikhale zamphamvu. Adaputa ikhoza kufuula mpaka mausi kumva, mausiyo n'kulephera kuyankha.

Ndiye taganizirani zimene anthu ambiri amachita. Bokosi la kompyuta lili pansi pa desiki, pafupi ndi khoma. Adaputa aibaya kumbuyo kuti isaoneke, pakati pa zingwe zambirimbiri. Bokosilo ndi lachitsulo, ndipo chitsulo chimatchinga mafundewa kotheratu. Pakati pa adaputa ndi mahedifoni pali bokosi, thabwa la desiki, ndi thupi la munthuyo, lomwe nalonso limameza mafunde a 2.4 GHz chifukwa ndi lodzaza madzi. Nyimbo zikamaduladula munthu akangotembenuza mutu, iye amati adaputa ndi yoipa.

Choipa kwambiri sichioneka n'komwe. Mapoti a USB 3.0, aja nthawi zambiri amakhala abuluu mkati, amathamangitsa deta pa magigabiti 5 pa sekondi, ndipo liwiro limeneli limatulutsa phokoso la wailesi logweranso pa 2.4 GHz. Intel inatulutsa lipoti lofotokoza zimenezi mu 2012, koma mpaka lero ogula ambiri sanauzidwe. Zimaoneka motere: mausi ikuyenda bwinobwino, inu mwabaya hadi disiki yakunja pa poti yabuluu yoyandikana ndi adaputa n'kuyamba kukopera mafayilo. Nthawi yomweyo kamuvi ka pa sikirini kayamba kunjanja, kuima, kenako kudumpha. Mukulemba pa kiyibodi zilembo zina sizikutuluka, zina zikubwereza. Kukopera kukatha, zonse zabwerera mwakale. Munthu amasintha mabatire, amatsuka pansi pa mausi, ena mpaka kuikanso Windows. Kwa adaputayo zili ngati kunong'onezana pafupi ndi injini ikulira: mawu akutuluka ndithu, koma sakumveka.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa adaputa yatsopano. Pezani kachingwe kotalikitsira USB, kaja kokhala ndi pulagi mbali ina ndi poti mbali inayo, kotalika mita imodzi kapena theka. Kabayeni pa poti ya USB 2.0, yakuda mkati, n'kubweretsa adaputa pamwamba pa desiki, poonana ndi mausi kapena mahedifoni. Ngakhale kuisuntha masentimita 20 kapena 30 kuchoka pa poti yabuluu kumasintha zinthu kwambiri. Pa laputopu, adaputa ikhale mbali ina, hadi disiki mbali ina. Musade nkhawa kuti poti yakuda ichedwetsa zinthu. USB 2.0 imanyamula mamegabiti 480 pa sekondi, pomwe Bluetooth ya mahedifoni imathera pa 3. Ine ndimayesa kachingwe kameneka ndisanakhudze china chilichonse, ndipo madandaulo ambiri amathera pomwepo.

Manambala a pabokosi nawo amanyenga anthu. Amene anasintha zinthu kwenikweni ndi Bluetooth 4.0 ya mu 2010, chifukwa inabweretsa Low Energy, njira yosadya batire imene mausi ndi makiyibodi ambiri a Bluetooth amagwiritsa ntchito masiku ano. Adaputa yakale ya 2.0 kapena 3.0 siziona n'komwe zipangizo zoterezi, ndipo Windows 7 payokha sidziwa Low Energy, inayambira pa Windows 8. Bluetooth 5 ya mu 2016 inalonjeza mtunda wotalika kanayi ndi liwiro lowirikiza kawiri, koma malonjezo amenewo ndi a mbali ya Low Energy yomweyo. Nyimbo za m'mahedifoni wamba sizikoma chifukwa choti adaputa yalembedwa 5.0 kapena 5.3. Zipangizo za manambala osiyana zimamvana ndithu, zimangotsatira zimene chakalecho chimatha. Kugula ya 5.0 kupita m'mwamba n'kwanzeru chifukwa madirayiva ake, timapulogalamu tothandiza kompyuta kumvana ndi adaputa, akukonzedwabe, osati chifukwa cha zozizwitsa zolembedwa pabokosi. Mukakayikira zimene mwagula, tsegulani Device Manager mu Windows, pamene pamaoneka mndandanda wa zipangizo za kompyuta, sankhani adaputayo, pitani pa Advanced n'kuona nambala ya LMP, imene imasonyeza mtundu wa Bluetooth. LMP 6 ndi Bluetooth 4.0, LMP 8 ndi 4.2, LMP 9 ndi 5.0, LMP 10 ndi 5.1.

Poti tatsegula Device Manager, pali msampha wina. Windows imagwiritsa ntchito wailesi imodzi yokha ya Bluetooth pa nthawi imodzi. Ngati laputopu yanu ili ndi Bluetooth yamkati yovutavuta, inu n'kungobaya adaputa yatsopano, kawirikawiri yatsopanoyo imaoneka ndi kachizindikiro kachikasu n'kukhala osagwira. Yambani mwachotsa mahedifoni ndi mausi pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, kenako zimitsani yamkatiyo posankha Disable device, ndiye mubaye yatsopano. Zipangizo zanu muzilumikizenso kuyambira pachiyambi, chifukwa kiyi yachinsinsi imene zinagwirizana inali ya wailesi yakaleyo. Mukaiwala kuzichotsa kaye, zimatsalira pa mndandanda, zosagwira komanso zovuta kufufuta. Pomwepo yang'ananinso pa Power Management. Pali kabokosi kololeza kompyuta kuzimitsa adaputa posunga magetsi, ndipo ndiko kamachititsa kuti mausi igone mukangoisiya kwa mphindi zingapo, kapena ikane kudzuka kompyuta ikachoka kutulo. Pa kompyuta ya padesiki palibe chifukwa chokasiyira choyatsa.

Dandaulo la mahedifoni ndilo ndimalimva kwambiri, ndipo apa adaputa ilibe mlandu. Munthu akumvera nyimbo zikumveka bwino, walowa msonkhano wa pa Zoom kapena Teams, mwadzidzidzi mawu aphwa, akumveka ngati foni yakale. Chimachitika n'choti Bluetooth ili ndi njira ziwiri zosiyana. Ina, yotchedwa A2DP, imatumiza nyimbo zabwino ku makutu onse awiri, koma ndi yopita kokha. Pulogalamu ikangotsegula maikolofoni ya pa mahedifoni, zonse zimasamukira pa njira ya Hands-Free yopangidwira kuimba foni, yomwe mawu ake ndi opyapyala. Kugula adaputa yodula sikuthetsa zimenezi. Sankhani maikolofoni ina mu pulogalamuyo, kaya ya laputopu kaya ya kamera, mahedifoni atsale ndi ntchito yomvetsera yokha. Njira yatsopano ya LE Audio ikukonza vutoli, koma imafuna kuti mahedifoni, adaputa ndi kompyuta zonse zitatu zikhale zoidziwa, ndipo nambala ya 5.2 kapena 5.3 payokha si umboni woti ilipo.

Kuchedwa kwa mawu nakonso n'kwachibadwa. Mawu amapanikizidwa, kutumizidwa, n'kumasulidwa, ndipo pa mahedifoni wamba zimenezi zimatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi kapena kuposerapo. Poonera filimu simuzindikira kwenikweni, chifukwa mapulogalamu ambiri amachedwetsa chithunzi kuti chifanane ndi mawu. Pa masewera sizingatheke, mfuti imalira itawombera kale. N'chifukwa chake mahedifoni a osewera amabwera ndi kadongle kawokawo m'malo modalira Bluetooth. Ndipo ngakhale pa pepala adaputa imodzi imatha kugwira zipangizo 7, mukaika mausi, kiyibodi ndi mahedifoni nthawi imodzi pa adaputa yotchipa, musadabwe mausi ikamatsimphina nyimbo zikamalira.

Ya Wi-Fi ili ndi zake. Tija tating'onoting'ono tosatulukira kunja n'tabwino ngati rauta ili m'chipinda chomwecho. Ngati pali makoma awiri kapena atatu, gulani yokhala ndi eriyo yoimirira, ndipo nayonso ikhale pa kachingwe, pamwamba. Sankhani yogwira mafunde onse awiri, 2.4 ndi 5 GHz. A 5 GHz safika patali ndipo makoma amawafooketsa msanga, koma ndi othamanga, ndipo mukasamukira kumeneko mwasiyira mausi ndi mahedifoni malo opumira. Apa pokha ndi pamene poti yabuluu imafunika: adaputa zothamanga za Wi-Fi 5 ndi Wi-Fi 6 zimapanikizika pa USB 2.0, ndipo phokoso la poti yabuluu silivutitsa kwenikweni 5 GHz. Chokhumudwitsa ndi dirayiva. Mwagula adaputa kuti mupeze intaneti, koma adaputayo ikufuna dirayiva ya pa intaneti, kapena yabwera ndi kasidi pomwe kompyuta ilibe polowetsa sidi. Lumikizani foni ku kompyuta ndi chingwe chake, yatsani USB tethering pafoniyo kuti igawire kompyuta intaneti, mutsitse dirayiva pa webusaiti ya kampani imene inapanga adaputayo. Pewani mawebusaiti olonjeza kukupezerani madirayiva onse nthawi imodzi, ambiri amabwera ndi zinyalala. A Linux ndi a Mac afufuze kaye chipu chimene chili mkati asanagule, chifukwa adaputa ziwiri za dzina limodzi zimatha kukhala ndi machipu osiyana, china chogwira, china ayi.

Za chitetezo anthu safunsa, koma zimene mukulemba pa kiyibodi yopanda waya zimadutsa mumlengalenga. Mu 2016 akatswiri a kampani ya Bastille anaonetsa vuto limene analitcha MouseJack: tizipangizo tina tolandirira mausi ndi kiyibodi, tosakhala ta Bluetooth, tinkalola munthu wapatali kudzionetsa ngati mausi yanu n'kulemba malamulo pa kompyuta yanu. Chaka chomwecho anapezanso makiyibodi otchipa otumiza zilembo osazibisa n'komwe. Makampani ena anatulutsa zokonza, ndiye ngati kadongle kanu n'kakale, onani ngati kali ndi pulogalamu yokasinthira. Pa kompyuta yolowera ku banki kapena yosunga zinsinsi za anthu, ine sindiikapo kiyibodi yopanda dzina. Polumikiza kiyibodi ya Bluetooth, Windows imaonetsa manambala oti muwalembe pa kiyibodiyo n'kudina Enter, ndipo polumikiza foni imaonetsa manambala 6 oti afanane mbali zonse ziwiri. Awerengeni musanavomere. Likabwera pempho lolumikiza pomwe inu simunakhudze kanthu, likaneni.