Kutseka abambo si kufula, ndipo miyezi itatu ija si nthabwala

Sabata siyitha ndisanamve funso lomweli. Bambo amalowa m'chipinda, amatseka chitseko bwinobwino, kenako amanong'ona: "Achipatala, mukanditseka sindikhala ngati mbuzi yofula?" Ena safika n'komwe, amangotuma mkazi kuti akanene kuti abambo akana, akuopa kugwa m'papaya. Ndayankha funsoli mpaka kukhosi kuuma, choncho lero ndilemba kuti amene akufuna kumva amve.

Kufula ndi kuchotsa kapena kuphwanya machende. Ife machende sitiwakhudza. Timabaya jakisoni wa dzanzi, n'kuboola kabowo kakang'ono pachikopa, n'kumanga ndi kudula timachubu tiwiri timene mbewu imadutsamo. Mphindi 20 kapena 30 zatha, munthu amadzuka n'kuyenda yekha. Njira yoboola popanda kucheka ndi mpeni imeneyi anaiyambitsa ndi dokotala wa ku China, Li Shunqiang, mu 1974, ndiye si zoyeserera pa inu ayi. Mphamvu ya chimuna, imene imameretsa ndevu ndi kubweretsa chilakolako, imayenda m'magazi, sidutsa m'timachubu timeneti. Umuna umatuluka monga kale, chifukwa mbewu ndi kagawo kochepa kwambiri ka madzi amenewo. Ngakhale mayi a kunyumba sangaone kusiyana. Khasu mugwira, katundu munyamula, mukangopuma kaye mpaka bala lipole.

Koma onani mmene zinthu zilili kwathu kuno. Kafukufuku wa za umoyo wa 2015-16 anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja m'Malawi, pafupifupi 11 anatseketsa, pamene abambo otseketsa sankafika ngakhale mmodzi pa 100. Opaleshoni yaikulu, yolowa m'mimba, timaisiyira mayi amene wachembeza kale kasanu ndi kawiri. Yaing'ono ya pakhungu bamboyo akuithawa. Ndikamayenda ndi anzanga m'midzi, mzere wa amayi umatalika, bambo akakhala mmodzi timauzana ngati taona chozizwitsa.

Tsono mwa ochepa amene amabwerawo, pali mmodzi amene sandichoka m'mutu. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi, mkazi wake jakisoni wa Depo ankamutaitsa magazi, ndipo anabwera yekha osakakamizidwa. Ndinamulemekeza kwambiri. Titamaliza ndinamuuza zimene ndimauza aliyense: m'machubu mumatsala mbewu yakale, choncho kwa miyezi itatu agwiritse ntchito kondomu kapena mayi apitirize njira yawo, kenako abwere tidzayeze umuna. Anagwedeza mutu, ndinamupatsa makondomu. Sanabwerenso.

Patapita miyezi isanu ndinangoona mkazi wake ali pakhomo, wanyamula kamwana kumsana, mimba ikuoneka. Anali atathamangitsidwa. Bambo uja anasonkhanitsa ankhoswe n'kunena kuti iye anatseketsa, ndiye mimbayo mwini wake atchulidwe. Mayiyo anangoti, "Achipatala, ine sindinayende ndi munthu." Titawerengera masiku, mimba inalowa m'sabata yachitatu kuchokera tsiku la opaleshoni. Jakisoni anasiya tsiku lomwe lija chifukwa abambo anati ntchito yatha, ndipo makondomu aja anaikidwa pa denga. Ndinayenera kukhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse, kujambula timachubu papepala, kufotokoza kawiri katatu. Banja linabwererana, koma dzina la mayi uja linali litaipa kale pa chitsime ndi ku tchalitchi. Chimene chimandipweteka n'chakuti tsiku lija ndinalankhula ndi bambo yekha. Ndikanaitana ndi mkazi yemwe, wina mwa awiriwo akanakumbukira. Kuyambira pamenepo ndimapempha kuti abwere onse, ndipo tsiku lodzayezetsa ndimalilemba ndi inki yofiira.

Za amayi sindichulutsa, popeza ambiri mumazimva ku sikelo. Chibelekero sitichotsa, timangomanga ndi kudula machubu amene dzira limadutsamo, ndipo msambo umapitirira. Mosiyana ndi abambo, njirayi imayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo. Itha kuchitika pa sizala, m'masiku asanu ndi awiri oyamba mutabereka, kapena pakatha masabata asanu ndi limodzi. Zipatala za boma ndi za Banja La Mtsogolo zimachita. Koma mvetsani ichi: mwa amayi 1,000 otseketsa, pafupifupi asanu amatenga mimba m'chaka choyamba, ndipo pafupifupi imodzi mwa mimba zitatu zotero imakhala m'chubu, osati m'chibelekero. Chubu chikaphulika magazi amatayikira m'kati, osaoneka. Mayi wotseketsa amene wadumpha msambo, akumva kupweteka mbali imodzi ya chinena, akuona timagazi kapena chizungulire, asanene kuti "ine ndinatseka, si mimba." Asadikire kuti kuche, asayambe wamwa panado. Apite kuchipatala usiku womwewo ndipo anene yekha kuti ayezedwe mimba.

Chimodzimodzi bala likatupa, likatulutsa mafinya kapena thupi likatentha, kaya ndi bambo kaya mayi. Osapaka phulusa, osagula makapisozi pa msika n'kuthira pabala.

Ndiye pali anzathu aja a m'misika ndi pa WhatsApp. Wina amagulitsa mkuzi wa mfundo zisanu, ati mfundo iliyonse ndi chaka chosabereka. Wina ali ndi botolo la mizu, ati ukamwa watsekeratu. Ana obadwa mkuzi uli m'chiuno ndawalandira ndi manja angawa. Oipitsitsa ndi amene amalonjeza "kutsekula" munthu wotseketsa. Chubu chodulidwa sichilumikizika ndi mankhwala akumwa, kaya a zitsamba kaya a m'botolo lochokera ku Joni. Kulumikiza kumafuna opaleshoni yovuta, yodula ndalama zambiri, ndipo nthawi zambiri siitheka. Amene amagwa m'manja mwa anthu amenewa ndi amayi amene anatseketsa ali aang'ono, atakangana ndi mwamuna kapena ali pa ululu wa matenda, kenako n'kukwatiwanso kapena kuferedwa mwana. Amagulitsa mbuzi ndi chimanga, ena amabwera kwa ife impso zitawonongeka.

N'chifukwa chake ndikaona munthu akukayika, ndimamubweza. Lupu ilipo, ka pamkono kalipo, zimagwira zaka zingapo ndipo zimachotsedwa mukafuna mwana. Wosaina pepala lovomereza ndi mwini thupi, osati apongozi. Ndipo kutseka sikuteteza ku HIV kapena chindoko, kondomu ikadali ndi ntchito yake kwa amene akudziwa kuti akuifuna.