Si mbale iliyonse yakale ya galamafoni yomwe ili chuma

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera mphekesera yoti mbale iliyonse yakale ya nyimbo za piyano ingakulemeretseni. Si zoona.

Ukale wake ndi weniweni. Chisanafike chaka cha 1925 ankajambula popanda maikolofoni: mawu ankalowa m'lipenga lalikulu, singano n'kumalemba paphula. Piyano inkamveka mofooka, choncho ankakonda yoimirira, n'kuikweza pansanja pafupi ndi lipengalo. Enrico Caruso, woimba wotchuka wa ku Italy, anajambula nyimbo mumzinda wa Milan mu 1902 motsagana ndi piyano, koma mbale zake zinadindidwa zambirimbiri mobwerezabwereza, ndipo zochuluka lero n'zotchipa.

Musanakhulupirire, onani nambala yozindikiritsa mbaleyo yozokotedwa pafupi ndi pepala lapakati, muone ngati mbaleyo siyong'aluka, kenako mufufuze mtengo umene zofanana nazo zinagulidwadi. Chonde lekani kutumiza uthenga wa mphekeserawo, ungapusitse m'bale wanu.